Mankhwala a pa Liwombo la Mwana Wanga

Ndine munthu wamantha, ndiyambe ndanena zimenezo. Mwana wanga woyamba atabadwa, manthawo anapeza pogwira. Akagona ndinkasendeza khutu kuti ndimve ngati akupuma, ndikamva kuti akupuma ndinkayambanso kudandaula kuti akupuma mothamanga. Ku koleji ku Zomba, kumene ndinatenga setifiketi ya zophika ndi kusamalira alendo, anatiphunzitsa za tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo phunziro limenelo linandilowa kuposa ena onse. Ndinkawiritsa supuni, kapu, ngakhale kansalu kopukutira dovu. Amayi anga ankati ndimaliza nkhuni za ku Lungwena konse mwana asanamere mano.

Timakhala pakhomo pa amayi, monga mmene zimakhalira kwathu kuno. Bambo a mwanayu ali ku Joni, ndipo kulera kwawo nkwa pafoni: "Tamusendeza ndimuone nkhope," kenako netiweki yathawa. Choncho za mwana tinkakambirana awiri, ine ndi amayi, ngakhale kunena zoona sikunali kukambirana kwenikweni. Amayi amagulitsa usipa, anazolowera kuti akanena anena.

Mwana anayamba kutsekula m'mimba nyengo yotentha ija mvula isanagwe, mango atayamba kupsa, ntchentche zitachuluka pa mathandala oyanikira nsomba. Anali atangoyamba kukhala yekha pansi ndi kutola chilichonse nkuika kukamwa. Ndinasungunula madzi a mchere ndi shuga a m'timapaketi ta kusikelo nkumam'mwetsa ndi supuni, pang'onopang'ono monga anatiuzira. Poyamba ankameza. Kutacha anayamba kubweza chilichonse, ngakhale bere. Amayi pomupukuta thupi anafika pamutu, nkuikapo chala.

"Liwombo lalowa," anatero.

Ndinayang'ana. Pamalo pofewa paja, pamene ndinkakonda kuona pakugundagunda iye akuyamwa, panali patalowa ngati munthu wadinda chala pa mkate wosapsa.

Ine ndinkadziwa, chifukwa anatiuza kusikelo, kuti liwombo limalowa madzi akatha m'thupi. Amayi ankadziwa, chifukwa anauzidwa ndi amayi awo, kuti liwombo ndi nthenda payokha ndipo mankhwala ake ali kwa anganga a kuseri kwa mzikiti. Ndikanakonda kulemba kuti ndinaimirira nkukana, koma zoona zake nzakuti nanenso ndinkafuna. Ndinkafuna zonse nthawi imodzi: za m'paketi, za anganga, dua, pemphero la ashehe, chilichonse chimene munthu wamkulu akanandiuza kuti chithandiza.

Anganga amenewa si achibale athu, koma mudzi wonse umawatchula choncho. Kale ankabereketsa azimayi, ndipo boma litaletsa azamba a m'midzi anatsala ndi mankhwala a ana. Ndi munthu wochepa thupi, wamawu akulu, fodya sachoka kuseri kwa mlomo wawo. Tinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Anapukuta manja, anamutenga mwana, anamuyang'ana m'maso, anam'tsina khungu la pamimba nkuliyang'anitsitsa likubwerera mwaulesi. Kenako analowa m'nyumba nkutuluka ndi kachitini ka mankhwala akuda osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Anatchula bismillah, anamata pa liwombo ponse mpaka panaoneka ngati phula.

"Zapamutu ndathana nazo," anatero. "Za m'mimbazi si zanga. Nyamukani pompano, kuchipatala."

"Mukanam'patsako kaye kakumwa, anganga," anatero amayi.

"Wabweza bere la amake, ndiye amwe mizu yanga? Ana a msinkhu uwu sindiwamwetsa, tinapangana ndi anesi. Tiyeni, nanenso ndipita nawo. Mapiritsi anga a bipi atsala pang'ono kutha."

Amayi anavomera, chifukwa m'maganizo mwawo tinkapita kukalandira mankhwala a m'botolo omwetsa ndi supuni. Tinakwera akabaza a njinga zamoto, ine ndi mwana kutsogolo, amayi ndi anganga atapanikizana pa ina kumbuyo, anganga akumukalipira woyendetsa njira yonse kuti wanyamula anthu osati matumba a chimanga.

Munthu asanafike pageti la chipatala chathu pali mthunzi pamene azimayi timaima kaye. Apo mpamene timavula ana zingwe za m'khosi ndi m'chiuno nkubisa m'chikwama, ndipo wa mankhwala pamutu timamuveka chipewa. Palibe anatiphunzitsa, timangoonera anzathu. Nanenso, ndi setifiketi yanga yomwe, ndinatulutsa chipewa chaubweya nkumuveka mwana wanga mpaka m'makutu, dzuwa likuswa mtengo.

Anganga anapita kukakhala pamzere wawo kukhonde la mbali ina. Ife sitinakhale pamzere. Alangizi azaumoyo atangoona mmene mutu wa mwana unkalendewera paphewa langa anatilowetsa. Anamwino amene tinawapeza anali mayi wojintcha wa kumtunda, amene Chiyao amamva koma poyankha amayankha m'Chichewa.

"Chipewa chaubweya dzuwa lonseli? Mwana wanuyu ndi wa ku Dedza? Vulani, ndikudziwa kale zili m'katimo."

Ndinavula nditazolika. Ndi kutentha kuja mankhwala anali atasungunuka m'chipewamo nkuyenderera mpaka kukhutu. Ndinadikira kukalipiridwa, koma anamwino anangoyamba kumuyeza mwana. Anam'tsegula maso, anam'tsina pamimba monga anachitira anganga, anam'gwira pamkono, ndipo nthabwala ija inawachoka kumaso.

"Madzi atha kwambiri. Akufunika diripi, pompano. Ambulansi yapita kuboma ndi mayi wapakati, sitingaidikire."

Anamanga kalamba kudzanja la mwana nkufufuza. Anasiya, anapita kuphazi. Anasiyanso. "Mitsempha yathawa," anatero chapansipansi. Kenako anatembenuza mutu wa mwana, anapatula tsitsi pamwamba pa khutu, pamene mankhwala anayenderera. "Nawu umodzi. Tiyenera kumeta ndi kutsuka apa."

Amayi anali ataima pakhomo nthawi yonseyi. Sindinaone mmene anafikira pabedi. Ndinangoona manja awo onse awiri ataphimba mutu wa mwana.

"Ayi, anesi. Singano ayi. Pamutu, pamankhwala penipeni? Ndinaika kale mmodzi m'manda."

Apa ndifotokoze. Ine ndisanabadwe amayi anali ndi mwana wamwamuna. Naye liwombo linalowa, naye anam'mata mankhwala, anapita naye kuchipatala, anam'baya jekeseni, ndipo anamwalira tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo amayi amagwira mawu amene ambiri kwathu kuno amanena, akuti mankhwala a liwombo ndi singano sizikumana; zikakumana mwana amapita. Madokotala sanawaimbepo mlandu. Ankati olakwa ndi iwo eni, amene analola ziwirizo kukumana m'thupi la mwana wawo.

Anamwino sanalimbane nawo. Anatembenukira kwa ine.

"Mwana ndi wanu, mayi. Munene ndinu."

Mawu amenewo ndinkawafuna kuyambira tsiku limene ndinabereka, kuti munthu wina anene pamaso pa amayi kuti mwanayu ndi wanga. Koma atanenedwa, anandilemera. Mutu unkadziwa bwinobwino kuti diripi ndi madzi, ndipo madzi ndi amene mwana wanga ankasowa. Koma pansi pa mutuwo panali kamtsikana kamene kanakula kakumva za mchimwene wake amene sikanamuone, ndipo kamtsikanako kankafunsa kuti, nanga zikakhala zoona? Ndikanena kuti bayani, mwana nkupita, ndidzakhala bwanji pakhomo pa amayi, tikudyera m'mbale imodzi? Ndikanena kuti ayi, nkupitabe, ndidzawauza chiyani bambo ake? Ndinaima pamenepo, chipewa chili m'manja, ndikungochipotokola. Mwana sankalira nkomwe. Maso anali otsegula pang'ono, osayang'ana aliyense.

Anamwino anandiyang'ana, anayang'ana amayi, kenako anafunsa funso lina.

"Mankhwalawa anaika ndani?"

Ine ndi amayi tinangoyang'anana. Tinkaopa kuwaika anganga m'mavuto.

"Sindikufunsa kuti ndikawamangitse. Anaika ndani?"

"Anganga a kuseri kwa mzikiti," ndinatero. "Ali panjapo, pamzere wa bipi."

"Ali pompano? Ndiye mwaimiranji? Thamangani mukawatenge!"

Chimenecho ndinatha kuchita. Kuthamanga ndinathamanga, silipasi imodzi nkutsala pakhonde. Anganga ndinawapeza atatsala pang'ono kulowa, ndipo poyamba anakana. "Malo anga andisungira ndani?" Koma atandiona kumaso anaimirira, nkumuloza bambo amene anali kumbuyo kwawo. "Achimwene, ine ndili kutsogolo kwanu. Mukandidumpha Mulungu akuona."

Atalowa, anamwino anali atakonza kale beseni la madzi ofunda, sopo ndi thonje.

"Anganga, mwandidetsera mutu wa mwana."

"Ndakubweretsera mwana wamoyo, mwanangu. Uzithokoza."

"Ndathokoza. Tsopano chotsani zanuzi ndigwire ntchito yanga." Anang'amba kapepala ka lezala yatsopano nkuwapatsa, pamodzi ndi magolovesi.

"Zimenezo valani nokha. Mankhwala anga amadziwa dzanja langa, sadziwa mphira."

"Ndiye sambani ndi sopo, mpaka m'zikhadabo. Chinangwa chanu chija ndikuchiona."

Anganga anasamba akung'ung'udza, anamwino nkuwathira sipiriti m'manja. Koma manja a amayi anali adakali pamutu pa mwana. Anganga anawayandikira nkuyamba kulankhula nawo m'Chiyao, motsitsa mawu, mmene sindinawamvepo akulankhula.

"Woika ndiye wochotsa, si choncho?"

Amayi anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndinaika ndine, ndichotsa ndine. Ndikachotsa, singano ikumana ndi chiyani?"

"Nthawi ija, anganga..."

"Nthawi ija anachotsa ndani?"

"Palibe."

"Lero alipo. Chotsa manja, mwanangu, nthawi ikutha."

Amayi anachotsa dzanja limodzi, kenako linalo, ngati akusiya chinthu cholemera. Anganga anatchulanso bismillah nkuyamba kutsuka, thonje lina likada atenge lina, mpaka liwombo linaonekanso poyera, lolowa monga linalili. Kenako anayamba kumeta pamene anamwino analoza.

"Onjezerani chakumbuyoku," anatero anamwino.

"Ndimete wonse? Akupita ku Haji ku Maka kodi, kumene amameta mpala?"

"Pang'ono pokha, anganga. Eya, basi, pomwepo."

Anamwino anatola thonje lakuda lija ndi titsitsi kuti ataye m'ndowa ya zinyalala, koma anganga anawagwira mkono. Anasonkhanitsa zonse, ngakhale katsitsi kamene kanagwera pabedi, nkumanga pansonga ya chitenje cha amayi. "Izi mukakwirire nokha kunyumba. Musazitaye panjira." Amayi anafumbata mfundoyo ndi manja awiri. Sindikudziwa ngati anganga anachita dala, koma manja amene anali pamutu pa mwana tsopano anali ndi china chogwira.

Anamwino anapukuta pometedwapo ndi sipiriti, anatenga kasingano, nkundiyang'ananso.

"Mayi?"

"Bayani," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati si anga, koma anatuluka.

Anganga anagwira mutu, ine ndinagwira miyendo, amayi anayang'ana kukhoma akupempha dua. Koyamba singano sinalowe mumtsempha. Mwana anangotulutsa kamawu kofooka ngati ka mphaka. Anamwino anapuma mozama, anapukuta thukuta ndi phewa, nkusendera pang'ono chakumbuyo, pamene anauza anganga kuti aonjezere kumeta.

"Usathamange," anatero anganga. "Ndam'gwira."

Kachiwiri timagazi tinaonekera m'kapaipi. Anamwino anamata pulasitala, analumikiza diripi, kenako anadula pakati kapu ya pulasitiki nkuphimba pamalopo kuti mwana asazule. Madontho anayamba kugwa. Ndinawayang'ana ngati sindinaonepo madzi chibadwire.

"Tsopano tidikira mkodzo," anatero anamwino. "Akakodza mundiitane, ngakhale ndili ndi wodwala wina."

Kudikira kumeneko sindingakufotokoze bwino. Amayi anakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali pa chifuwa cha mwana, akudikira chimene chinawachitikira kale. Anganga anabwerera kumzere wawo, anapeza bambo uja atalowa kalekale, ndipo anabweranso kudzadandaula kuti amuna a masiku ano saopa Mulungu. Anamwino anawayeza pomwepo nkuwapatsa mapiritsi awo, akuwakalipira za fodya ndi nsomba zamchere, anganga akuyankha kuti munthu wa kunyanja ukamuletsa nsomba um'patse bokosi lake. Akanatha kupita kwawo, koma sanapite. Anakhala pansi pasimenti atatambasula miyendo, akuwodzera.

Dzuwa litapendeka, adhana itamveka kumzikiti wa pamsika, amayi analowetsa dzanja pansi pa mwana kuti akonze nsalu. Anatulutsa dzanjalo, analiyang'ana, analinunkhiza.

"Wanyowetsa," anatero. Kenako mokweza, "Anesi! Wanyowetsa!"

Sindinaonepo munthu akusangalala ndi mkodzo chotero. Ankaseka misozi ikutsika, dzanja ali nalo m'mwamba kuti aliyense alione. Anamwino anabwera, anagwira nsaluyo, anam'gwira mwana pamkono, nkunena kuti ndiyese bere. Anayamwa pang'ono, anapuma, anayamwanso, ndipo sanabweze. Ndinaika chala pa liwombo mwamantha. Linali lisanadzaze, koma pansi pa chala changa panali kugunda.

Tinagona komweko. Tsiku lotuluka, anamwino akuchotsa kasingano, ndinalimba mtima nkuwafunsa chifukwa chimene sanatikalipire.

"Kale ndinkakalipa," anatero. "Ndinkatsuka ndekha mankhwalawo, amake akuona, ndikuwauza kuti ndi umbuli. Mukudziwa chimene chinachitika? Anasiya kubwera. Kapena ankadikira kuti mankhwala ayambe ayoyoka okha pamutu, ndiye abwere, mwana atatheratu. Ndinaona kuti ndikupambana mkangano koma ana ndikuwataya. Ndiye tinawaitana anganga anuwa ndi anzawo, tinakhala pansi. Tinakangana, osati pang'ono. Koma tinapangana: khanda osalimwetsa mizu, pamchombo osapaka kanthu, mphini osatema. Zapamutu matani ngati mukufuna, koma mwanayo afike kuno tsiku lomwelo. Ena amasunga pangano, ena ayi. Awa amasunga, pakamwa pokha ndiye mpovuta."

Anandiuzanso, mosazungulira, kuti mankhwala akudawo sanakweze liwombo ndipo sangalikweze, kuti tsiku lina mwana akadzayamba kubweza ndisadzadikire kuti kuche, ndiponso kuti kuwiritsa supuni nkwabwino koma mwana wokwawa sangalephere kudya dothi, ndisadziphe ndi maganizo. Ndinamva zonse. Zomalizazo ndikuyesabe.

Ndakhala ndikuganiza kuti ndithokoze ndani kwenikweni. Madzi amene anapulumutsa mwana wanga anali a anamwino, zimenezo sindikayika. Koma madziwo anali m'thumba lake pamwamba, ndipo pakati pa thumbalo ndi mwana panali manja a amayi anga, ndi pakamwa panga potsekeka. Anamwino akanatha kuitana mlonda kuti awatulutse amayi. Mwina mwana akanachirabe, koma sindikudziwa ngati amayi akanadzapondanso pachipatalapo, kapena kundilola ine. M'malo mwake anapereka lezala kwa munthu amene amayi akanamumvera. Ndipo anganga, amene akanatha kunena kuti mankhwala awo sachotsedwa, anatsuka ntchito ya manja awo pamaso pa anthu osaona ngati achepetsedwa. Ine ndinangotsala ndi liwu limodzi loti ndinene, ndipo awiriwa anandichepetsera katundu mpaka ndinatha kulinyamula.

Funso limodzi linkandivutabe. Mwana atayamba kukwawa, tsitsi litayamba kumera pometedwa paja, ndinam'bereka nkupita kwa anganga ndekha, amayi ali kudoko. Ndinawapeza akumanga mpanda wa dimba lawo la tomato ndi mapesi.

"Anganga, ndifunse. Kodi nzoona kuti mankhwala a liwombo akakumana ndi singano mwana amafa?"

Anamaliza kaye kumanga mfundo, analavula fodya, nkundiyang'ana.

"Amene anandiphunzitsa ankatero. Anesi akuti ndi bodza, akuti ana aja ankafa chifukwa chofika mochedwa. Mwina akunena zoona, anaona ana ambiri kuposa ine."

"Nanga inuyo mumati bwanji?"

"Ine sindinayesepo. Ndipo sindidzayesera pa mwana wa munthu. Kutsuka kumatenga nthawi yanji? Madzi alipo, sopo alipo." Anasuzumira kumsana kwanga, mwana nkuwagwira mpango. "Taonani mbala iyi, yanenepa. Tsopano gwira phesi ili ndimange, mbuzi za ashehe zandithera tomato."